Wogwada Wamkulu ndi Galimoto ya Chifundo

Mu ufumu wa Zikomobwana mwana amaphunzira kugwada asanaphunzire kuyenda, ndipo ena amakalamba asanachidziwe bwino chachiwiricho. Kumeneko munthu sagwadira mfumu yokha. Amagwadira chithunzi chake, mpando wake, ngakhale ambulera yake ikamapita kokasokedwa. Alendo akafika amayesa kuti anthu a dzikoli ndi afupiafupi, osadziwa kuti angowapeza pa nthawi ya ntchito.

Pa ogwada onse panalibe wofanana ndi a Lufeyo Mtokoma. Iwowa anatumikira kunyumba yachifumu ku Mawamawa kuyambira tsitsi lili bii mpaka litayera mbuu, ndipo udindo wawo unali Wogwada Wamkulu. Musaseke, unali udindo weniweni, wokhala ndi yunifomu yake ya kabudula kuti maondo azioneka bwino. Mfumu Mwinizonse Wachiwiri ikamalandira alendo, a Mtokoma ndiwo ankasonyeza mtundu wonse kagwadidwe koyenera: msana woongoka, manja pachifuwa, maso pansi, kenako mawu akale aja, “Kapolo wagwada, akudikira liwu.”

Mawu amenewa sanali ongokometsera. Mwambo umati munthu akawanena sadzuka ndipo satembenuka mpaka atauzidwa kuti “Dzuka,” komanso nkhope ya mfumu siyenera kumuchokera. Mfumu inali yolemekezeka kwambiri moti sinkataya malovu pa kapolo, choncho panali nduna yotchedwa Mlomo wa Mfumu imene inkanena liwulo m’malo mwake. Tsoka lake, ndunayi inali yokonda nkhomaliro. Mfumu ikatopa ankaika chithunzi chake pampando iyo n’kukapuma, Mlomo n’kuzembera kukhitchini, a Mtokoma n’kutsala okha pasimenti kudikira liwu mpaka dzuwa kupendeka. Iwo sankadandaula. Ankati kumeneko ndiye kutumikira dziko.

Wodandaula anali akazi awo, a Nagama.

“Inu a Mtokoma,” ankatero uku akuwathowa maondo ndi madzi otentha, “maondowa Mulungu anakupatsani kuti muziyendera. Inu mwawasandutsa chokolopera cha eni ake. Tsiku lina mudzawafuna, adzakuuzani kuti tinapuma kale.”

“Za boma mumadziwapo chiyani inu?”

“Za boma sindidziwa. Ndimadziwa nkhuni zimene ndikutha potenthetsa madzi a boma lanulo.”

Anthu awiriwa anakalamba akukangana chonchi, ndipo panalibe mwa iwo wodya chakudya n’kukhuta popanda kumva mnzake akulongolola.

Zimene ankanena a Nagama zinachitikadi. Maondo anatupa n’kuuma ngati zitsa. Kuima ankaima ndi ndodo, kuyenda ankafika pamsika wapafupi basi, koma kupinda bondo kunakanika. Kunyumba yachifumu anawaveka mendulo n’kuwatumiza kwawo ku Tilipobe, dera limene msewu wa tala umalilambalala mwaulemu.

Chaka chimenecho mvula itangosiya, a Nagama anadwala m’chifuwa. Anawagoneka kuchipatala cha Pirirani, kuseri kwa phiri, mtunda umene ngakhale wa miyendo yake amafika atatuluka thukuta. A Mtokoma ankapita kukawazonda pa njinga ya kabaza, miyendo itatambalala ngati mphanda. Zinkawawa, koma ankafika.

Kenako mfumu inagwidwa ndi chifundo.

Ku Zikomobwana anthu amaopa chifundo cha mfumu kuposa ukali wake, chifukwa ukali umagwera munthu mmodzi pomwe chifundo chimagwera onse. A Mtokoma anaimva nkhaniyi pamsika, pawailesi ya Mayi Siteliya, mnansi wawo wogulitsa matimati. Mayiyu anapuwala miyendo ali mwana, ndipo ankayenda pa njinga yopalasa ndi manja. Lilime lake ndilo linkathamanga kuposa njingayo.

“Anthu anga okalamba, anthu anga olumala,” inatero mfumu pawailesipo, “ndalota mukuyenda pansi, ndipo ndadzuka ndikulira mpaka pilo kunyowa. Kuyambira lero simudzapondanso fumbi. Ndakugulirani Galimoto ya Chifundo. Idzakutengani pakhomo panu n’kukakutulani pakhomo pomwe mukupita. Ili ndi chitsulo chokwezera zikuku za olumala, ili ndi mipando yofewa kuposa ya nduna zanga, ndipo kutsogolo kwake ajambulako nkhope yanga, kuti mukaiona ikubwera muzidziwa kuti wabwera ndine.”

Anaomba m’manja mpaka wailesi kunjenjemera. Phokoso litatsika, Nduna ya Matayala inaonjezera kuti popeza mfumu yadzisenzetsa yokha katunduyu, wa kabaza kapena wa minibasi aliyense wopezeka atanyamula nkhalamba kapena wolumala adzaimbidwa mlandu wopikisana ndi chifundo cha mfumu.

“Ndiye kuti atilanda miyendo yobwereka ija,” anatero Mayi Siteliya akuunjika matimati. “Tione ngati yatsopanoyo ili ndi mafupa.”

“Musamalankhule choncho, mayi,” anatero a Mtokoma, misozi ili lengelenge. “Mfumu yatikumbukira.”

“Ndi zimene ndikuopazo, bambo.”

M’mawa mwake a Mtokoma anaimba foni, ndipo zodabwitsa zake galimoto inabweradi. Inali yoyera, yaitali, yonunkhira utsopano, kutsogolo kwake nkhope ya mfumu ikumwetulira ndi mano onse. A Mtokoma anagwetsa maso msanga monga mwa chizolowezi. Panatsika mkulu wina wa tayi, Jabesi, amene iwo anamuphunzitsa kugwada kunyumba yachifumu. Tsopano anali atakwezedwa kukhala Woyang’anira Maondo.

“Aphunzitsi, mwadzuka bwanji? Tagwadani tizipita.”

“Ndigwade?”

“Nanga si nkhope ya mfumu iyo? Munthu angakhale bwanji kumsana kwa mfumu asanaigwadire kumaso? Munatiphunzitsa ndinu. Ife sitivutitsa anthu, bola bondo ligunde pansi basi.”

A Mtokoma anasuzumira m’galimoto. Munali anyamata a mpira ndi nsapato zawo m’khosi, atsikana opita kokaluka tsitsi, ndi amuna a masuti onenepa bwino.

“Awa ndiye okalambawo?”

“Awa ndi amene akwanitsa kugwada, aphunzitsi. Okalamba tikuwafikira ndithu pakhomo, koma sakugwada. Olumala ndiye mwano wawo wanyanya, ena sakutsika n’komwe pazikuku zawo. Nanga ife tibwerere ndi mipando yopanda anthu? Nduna ikatifunsa tikati chiyani?”

A Mtokoma anaona kuti mwana wawo wa sukuluyu akunena zoona, ndipo chimenecho ndicho chinawapweteka. Anatsamira ndodo, nayesa kutsitsa bondo lamanja. Bondo linakana. Anayesa lamanzere, nalo linagwirizana ndi mnzake. Anyamata a mpira aja anayamba kunong’onezana. A Mtokoma ananena kuti aiwala kenakake m’nyumba, nalowa, n’kukhala kuseri kwa chitseko mpaka kulira kwa injini kutazirala. Sanakwiye ayi. Anachita manyazi, manyazi a munthu amene walephera chinthu chokhacho chimene ankadziwika nacho.

Pasanapite nthawi, nkhalamba ndi olumala a ku Tilipobe anapeza ntchito yatsopano, yokhala pansi pa mtengo wa pamsika kuonerera galimoto yawo ikudutsa. Inkadutsa pafupipafupi, yodzaza ndi anthu athanzi, ena atakhala pachitsulo chokwezera zikuku chija akudya chimanga chootcha.

“Ine ndinagwada ndithu,” anatero a Dausi, mkulu wina wosaona. “Koma akuti ndinagwadira kolakwika. Kumene ndinayang’anako kunali mbuzi.”

“Mbuziyo inakunyamulani?” anafunsa wina.

“Nayonso inangopita. Koma iyo sinandilonjeze kanthu.”

“Ine ndinawauza kuti ndinagwada ndili mwana ndipo mpaka pano sindinadzuke,” anatero Mayi Siteliya. “Akuti kugwada kochita kubadwa nako sikusonyeza ulemu. Amafuna kochokera pansi pa mtima.”

Onse anaseka kupatula a Mtokoma. Iwo anali atayesa kunyengerera a kabaza onse a pamsikapo, koma aliyense akangoona ndodo ankapalasa ngati waona ngozi. Mayi Siteliya anawayang’ana, naloza ngolo yokankha ndi manja imene amayi a pamsika ankatutira kabichi.

“Lamulo latchula kabaza ndi minibasi, bambo. Kabichi silinamutchule. Amayi pano tilipo, akhoza kukukankhani mpaka ku Pirirani.”

“Ine? Wogwada Wamkulu, munthu wa mendulo, ndikwere ngolo ya kabichi?”

“Kabichi sanadandaulepo.”

A Mtokoma ananyamuka mwaulemu wawo wonse, napita kwawo akutsimphina. Masiku anapita. Tsiku lina chakumadzulo foni inalira, ndipo anali a Nagama, atabwereka foni ya namwino.

“A Mtokoma, mwakwatira?”

“Angandilole ndani ndi maondo awa?”

“Nanga simukubwera bwanji? Phala la kuno ndasiya kumwa. Namwinoyu amandimwetsa mwakachetechete, ine chakudya chopanda mkangano sichinditsika.” Kupuma kwawo kunkamveka ngati kwa munthu wokwera chitunda. “Adokotala akamalankhula nane akumayang’ana kukhoma. Ine si mwana. Mubwere mawa, bambo. Za mkuja sindikulonjezani.”

Mantha amene anawagwira a Mtokoma sanawamvepo ngakhale pamaso pa mfumu. Pa zaka zonse za banja lawo, a Nagama anali asanawapemphepo kanthu popanda kutukwana kaye.

Kutacha anatulutsa kabudula wa yunifomu m’sutikesi, navala, napachika mendulo pachifuwa, n’kuimba foni. Galimoto itafika, anthu anali atasonkhana kale, chifukwa nkhalamba ya kabudula sibisika. Anyamata awiri anakwera iwo akuona. Aliyense anangogunditsa bondo pansi n’kudumphira m’kati, kugwada kwa nkhuku yomwa madzi. A Mtokoma ananyansidwa. Ngati dziko lafika pamenepa, iwo aonetsa kotsiriza mmene zimakhalira.

Anataya ndodo. Analuma mano, natseka maso, n’kudzigwetsa ndi thupi lonse. Maondo analira ngati nkhuni zouma zikuthyoka, ndipo amayi ena anagwira pakamwa. Ululu unakwera mpaka m’mutu. Koma fumbi litakhazikika, anthu anaona chimene ana a masiku ano amangochimva: msana woongoka, manja pachifuwa, maso pansi. Ndipo pakamwa, poti panazolowera, panatsiriza pokha ntchito.

“Kapolo wagwada, akudikira liwu.”

Jabesi anatuwa.

“Aphunzitsi, mwanenanji? Mawu amenewo sitinena pamsewu. Muno mulibe Mlomo wa Mfumu.”

“Ndiye uwadzutse iweyo, tizipita,” anatero dalaivala.

“Ine ndine wa maondo, si wa mlomo. Ndikanena liwu limenelo ndiye kuti ndalanda ufumu. Ndipo iwe usayerekeze kusuntha galimotoyi. Nkhope ya mfumu sichokera munthu wodikira liwu.”

Dalaivala anazimitsa injini. Jabesi anaimba foni ku Mawamawa, uku akugwadira foniyo. A Mtokoma anakhala pomwepo, ndipo tinene zoona, poyamba zinawakomera. Ankamva anthu akunong’ona kuti taonani msana, taonani zala za kumapazi mmene zagonera. Mtima wawo unadzaza ngati kale. Za ku Pirirani anaziiwala pang’ono, chifukwa kutamandidwa kumaledzeretsa ngakhale munthu amene mkazi wake ali gone.

Dzuwa linakwera. Mayi Siteliya anafika pa njinga yawo, wailesi itamangidwa kutsogolo, ndipo onse anamva kuti bwalo la nduna lakhala pansi mwadzidzidzi. Nduna ya Matayala inafotokoza kuti Mlomo wa Mfumu uli kunja kwa dziko, kumene unapita kukaphunzira mmene maiko ena amasamalira okalamba. Nduna ina yachinyamata inafunsa ngati sizingatheke kuti mfumu inene yokha liwulo, poti ndi lalifupi. Anzake asanamwe tiyi, ndunayo inali itasankhidwa kale kukhala kazembe kudziko lopanda foni. Ina inati aitane wojambula akatsegule pakamwa pa chithunzicho kuti chizioneka ngati chikulankhula. Inanso inati munthu wogwada bwino chonchi si woti n’kumudzutsa, koma kumumangira kampanda kuti ana a sukulu azibwera kudzaona. Pamapeto anasankha komiti yoti iunike nkhaniyi mofatsa, ndipo komitiyo inanyamuka nthawi yomweyo kupita kuhotela ya m’mapiri kumene maganizo amayenda bwino.

Anyamata a mpira ndi amuna a masuti anatopa, natsika mmodzimmodzi n’kupita ndi miyendo yawo, imene anali nayo nthawi yonseyi. Galimoto inatsala yopanda munthu. Chitseko chinali chotsegula, mpando wofewa uli pafupi moti a Mtokoma akanaukhudza ndi ndodo. Mthunzi wawo unafupika mpaka kulowa pansi pa maondo, ndipo mpamene anakumbukira mawu aja akuti za mkuja sindikulonjezani. Anayesa kusuntha mwendo mobisa. Ngakhale mfumu ikanabwera yokha ndi lipenga, maondo amenewo sakanamva. Misozi inayamba kugwera pa mendulo.

“Bambo Mtokoma,” anatero Mayi Siteliya atayandikira, mawu atatsitsa, “mwagwada bwino, taona tonse. Koma akazi anu akudikira. Ngolo ija ikadalipo.”

“Sindingachoke pamaso pa mfumu, mayi. Sindingatembenuke.”

“Ndani wanena zotembenuka? Inu khalani chogwada. Zinazo n’za ife.”

Anakodola amayi a pamsika. Iwo anabwera ndi ngolo ija ndi chiguduli, nachilowetsa pansi pa maondo a nkhalambayo, n’kuinyamula mmene inaliri ngati mtsuko wodzaza. Anawakhazika m’ngolo ya kabichi atayang’ana kumbuyo, maso awo ali kumene kunali galimoto. Kenako anamanga zitenje m’chiuno n’kuyamba kukankha.

“Amayi inu, mukupita naye kuti munthu wa mfumu?” anakuwa Jabesi. “Akachoka pamaso pa nkhope, mlandu ndi wanga.”

“Ndiye nkhopeyo isawachokere, achimwene,” anayankha Mayi Siteliya osacheuka. “Si ili ndi matayala?”

Jabesi anayang’ana ngolo, nayang’ana galimoto, nayang’ananso ngolo imene inali itayamba kutalikira. Anadumphira m’kati n’kulamula dalaivala kuti alize injini, atsatire pang’onopang’ono, asayandikire kwambiri kuopa kugunda Wogwada Wamkulu, asatalikirenso kuopa kumusiya.

Umu ndi mmene ulendo unayambira. Patsogolo Mayi Siteliya akupalasa ndi manja, pambuyo pawo ngolo ya kabichi ndi nkhalamba ya kabudula itagwada chobwerera, pambuyo penipeni Galimoto ya Chifundo ikukwawa yopanda wokwera, mfumu ikumwetulira masamba a kabichi. Atadutsa pamsika, a Dausi anafunsa kuti phokosoli n’lachiyani. Atawauza, anagwira m’mphepete mwa ngolo nati nawonso ali ndi mankhwala oti akalandire ku Pirirani. Ena anatsatira: a ndodo imodzi, a ndodo ziwiri, a zikuku zolira mafuta, agogo operekezedwa ndi agogo anzawo. Khomo lililonse limene galimoto inkalifikira n’kubwerera chabe linatulutsa munthu wake. Onse ankayenda m’mbali mwa galimoto yawo, ena akutsamira pomwepo akatopa.

“Mipando yake ndi yofewadi,” anatero mayi wina wokalamba atasuzumira pazenera. “Mfumu sinaname.”

“Mwaikhudza?”

“Ayi, koma ikuoneka kuti yapuma bwino.”

Pachitunda amayi okankha anatuluka thukuta, ndipo amuna ogulitsa makala anasiya njinga zawo kudzathandiza. A Mtokoma ankamva mwala uliwonse wa mumsewu m’maondo mwawo. Tsamba la kabichi linawamatirira pantchafu ndipo analibe dzanja lolichotsera, poti manja anali pachifuwa. Manyazi anali atawathera. Mumtima ankangopempha chinthu chimodzi, kuti akapeze munthu uja akadali ndi mphamvu zowatukwana.

Ali pamwamba pa phiri, wailesi ya Mayi Siteliya inalengeza nkhani yapadera. Inati chikhamu cha okalamba ndi olumala chatuluka m’nyumba zawo kuperekeza Galimoto ya Chifundo pothokoza mfumu, ndipo ambiri akana kukwera chifukwa chisangalalo chawapatsa mphamvu zoyenda okha. Nduna ya Matayala inati ichi ndi chizindikiro chakuti galimotoyi sikungonyamula anthu kokha, ikuchiritsanso.

“Mwamva, a Dausi? Mwachira,” anatero Mayi Siteliya.

“Ndimadabwa kuti mapazi akundiwawa chonchi bwanji. Kani n’kuchira.”

Anafika ku Pirirani dzuwa litapendeka. Ngolo inaima pakhomo la wodi ya amayi, galimoto n’kuima pambuyo pake. Khomolo linali lopapatiza, lolowa machira okha, ndipo kuti munthu akafike kubedi la a Nagama ankayenera kukhota m’khonde. Amayi anagwira ngodya za chiguduli, koma Jabesi anathamanga n’kudzagwada pafupi ndi ngolo.

“Aphunzitsi, galimoto silowa umu. Mukalowa ndiye kuti mwafulatira mfumu musanamve liwu. Chiyambire ufumu uno palibe anachitapo zimenezi. Dikirani komiti, ndapota nanu. Inu ndi amene munkatikwapula tikangosuntha diso.”

Amayi aja anaima. Onse, ngakhale Mayi Siteliya, anayang’ana kwa a Mtokoma, chifukwa apa nkhani inali ya mwini maondo.

A Mtokoma anachita chimene anali asanachitepo. Anadzutsa maso. Zaka zonse zija anatumikira akuyang’ana simenti, moti nkhope ya mfumu ankangoimva kwa anthu. Lero anaiona bwinobwino. Fumbi la ku Tilipobe linali litaiphimba masaya, pamano ake oyerawo panali patafera tizilombo ta mumsewu, ndipo maso ake sankayang’ana iwo n’komwe. Ankayang’ana pamwamba pa mutu wawo, kutali, kumene kunalibe munthu. Anaiyang’ana nthawi ndithu, akudikira kuti mwina mtima uchita mantha. Mtima unangowauza kuti nthawi ikutha.

“Jabesi mwanawe, pepa,” anatero. Kenako anachotsa manja pachifuwa, nathothola tsamba la kabichi lija pantchafu. “Amayi, nditembenuzeni.”

“Nanga galimotoyi itani?” anafunsa Jabesi.

“Idikire liwu,” anatero Mayi Siteliya. “Si ndiye mwambo wake?”

Anawanyamula pachiguduli, nakhota nawo m’khonde, n’kuwatula pansi pafupi ndi bedi la pakona. A Nagama anali ataonda moti bulangete linkaoneka ngati mulibe munthu. Pakabati panali mbale ya phala yosakhudza. Anatsegula maso pang’onopang’ono, nayang’ana mendulo, kabudula, ndi maondo otuwa ndi fumbi.

“Ndiye mwabwera chogwada.”

“Ndabwera, mayi.”

“Mukununkha kabichi.”

“Ndi galimoto imene inapezeka.”

Kunja wailesi inkamveka ikulengeza kuti Galimoto ya Chifundo yakwanitsa ulendo wake woyamba wochoka pakhomo mpaka pakhomo, ndipo mfumu yalamula kuti agule zina. A Nagama anatulutsa dzanja m’bulangete, nagwira phewa la amuna awo. Dzanjalo linali lopepuka ngati la mwana, ndipo a Mtokoma analira osabisa.

“Zaka zonsezi ndinkadikira kuti tsiku lina mudzandigwadire ine,” anatero a Nagama. “Mwachita kudikira kuti ndiyambe ndaonda. Basi, ndaona. Dzukani, a Mtokoma.”

Liwu limeneli analimva kambirimbiri kwa nduna yotafuna nyama, koma aka kanali koyamba kulimva kwa munthu wowafunira zabwino. Anagwira chitsulo cha bedi, nakoka ndi mphamvu zawo zonse. Maondo sanasunthe.

“Sindingathe, mayi.”

“Ndinakuuzani kuti adzakana.”

“Munandiuza.”

“Ndiye khalani choncho, mwafika pamulingo wabwino. Tengani supuniyo.”

A Mtokoma anatenga mbale, natapa phala. A Nagama analawa n’kukwinya nkhope.

“Latentha.”

“Latentha bwanji phala la m’mawa? Lazizira ili.”

“Mukufuna kundiuza za pakamwa panga inu? Uzirani.”

A Mtokoma anauzira phala lozizira, akung’ung’udza kuti munthu uyu ngakhale matenda amulephera. A Nagama anameza, natsegulanso pakamwa kuti ayankhe, supuni n’kulowa. Anakangana choncho mpaka mbale inayera.